Ndinapita ndi Mkuwa ku Lusaka

Basi ya ku Lusaka inanyamuka mu Lilongwe dzuwa litakwera, ngakhale tikiti inkati tinyamuka kusanache. Palibe anadandaula, tonse tinali anthu ozolowera. Anzanga anali ndi katundu wopatsa ulemu: matumba a mpunga, zikwama zamizeremizere zomanga ndi mphira, ndowa za usipa. Ine ndinali ndi kachikwama ka zovala ndi kabokosi ka pulasitiki kokwana m'dzanja limodzi, kokulunga m'chitenje, kamene ndinakafungatira pamiyendo ulendo wonse.

Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina, ndipo masiku amene anthu anzeru amapuma, ine ndimachita digiri yachiwiri. Ntchito yanga ndi kumeretsa timawaya ta zinki okusaidi. Dzinali likuopsa, koma ndi ufa woyera womwe uja umapezeka m'mafuta opaka mwana akasupuka ndi thewera. Umasungunula mchere wa zinki m'madzi, n'kumizamo kagalasi konga chikhadabo, n'kutenthetsa botolo mu uvuni kwa maola angapo. Pagalasipo pamamera timawaya toimirira ngati udzu, towonda moti tsitsi la munthu pambali pake ndi thunthu la mlambe. Ndi maso suona kanthu, kupatula kachifunga koyera.

Timawaya topanda chosakaniza sitithandiza kwenikweni. Umayenera kuthiramo dala kanthu kachilendo, pang'ono zedi, kuti kasinthe kayendedwe ka magetsi. M'labotale timati kudopa. Ine ndinathiramo mkuwa. Lamulo lake ndi losavuta: chachilendo ukachiika wekha n'kudziwa muyezo wake, imeneyo ndi sayansi. Chikalowa chokha ndi litsiro, ndipo uyambirenso.

Chimene ndikufuna kupanga ndi kachipangizo kotchipa, kolira mpweya woipa wa makala ukadzaza m'nyumba. Mpweya umenewu sununkha. Timawaya ta mkuwa tikakumana nawo, magetsi odutsamo amasintha, ndipo kusinthako kungathe kuliza belu. Mutuwu sindinausankhe chifukwa chokonda makala. Mphunzitsi mnzanga, mayi Gondwe, analowetsa mbaula kuchipinda nyengo yozizira ngati ino, natseka mawindo monga amachitira aliyense. M'mawa mwake tinachita kuthyola chitseko.

Vuto linali loti timawaya tangato palibe anali atationa, ngakhale ine mwini. Makina oonera zinthu zazing'ono chonchi kwathu alipo, ovindikiridwa bwino ndi nsalu, akudikira katswiri amene wakhala akubwera mwezi wamawa chiyambire maphunziro anga. Aphunzitsi ondiyang'anira ku yunivesite anandiuza mosapsatira kuti popanda zithunzi ndilibe kafukufuku, ndili ndi magalasi osatsuka, ndipo thandizo langa la maphunziro likutha chaka chino. Kenako anakumbukira mnzawo amene anaphunzira naye, a Dokotala Mwila, oyendetsa makina oterewa pa labotale ina yoyeza miyala ya m'migodi ku Lusaka. Ndinasankha timagalasi tinayi: kopanda mkuwa, ka mkuwa wochepa, ka wapakatikati ndi ka wambiri. Mtima wanga unali pa ka wapakatikati.

Pachipata cholowera ku Zambia, titadutsa Mchinji, mayi woona katundu analoza kabokosi kanga. Ndinamasula chitenje kuti aonere pachivindikiro, poti n'choonekera mkati.

"Muli chani umu, ba mayo?"

"Mawaya."

Anaweramira. "Yali kuti?"

"Saoneka ndi maso."

"Mawaya yosaoneka," anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa mawuwo. "Ni ya chani?"

"A zinki, othira mkuwa."

Anaitana mnzake wa tebulo lina. "Bwelani muone. Aba babwelesa kopa ku Zambia."

Mnzakeyo anandiyang'ana mwaulemu waukulu. "Mwachita bwino, mayo. Yathu inali pafupi kusila, kuthelatu."

Anandiuza ndipite, ati msonkho wa zinthu zosaoneka sanauphunzire. Kuseka kwawo kunandiperekeza mpaka pakhomo la basi.

Pa Chipata ndinasintha ndalama, n'kuphunzira kuti makwacha si onse apachibale. Mpukutu wanga wonenepa unasanduka timapepala tokwana m'thumba la bulauzi. Pomwepo panakwera mlaliki amene anatiyeretsa mpaka pa Katete ndi nkhani za ngozi za mabasi, mwatsatanetsatane, kutchula ndi makhona ake amene tinali tisanafikepo. Woyandikana nane anali bambo wogulitsa zitsulo za galimoto. Anapirira mpaka pa Petauke, kenako anafunsa ngati m'chitenjemo munali mankhwala achikuda. Ndinati ayi, ndi sayansi.

"Ni vimozi," anatero, nasunthira kuwindo.

Pa mlatho wa Luangwa tinaima kuti tidye. Kumeneko Juni sadziwika, kunkatentha ngati Okutobala. Nsomba zowamba zinali mizere mbali zonse za msewu, ndipo theka lake linakwera nafe basi. Ndinagula nthochi ndi mbatata yootcha, n'kudya ndi dzanja limodzi. Kuchokera apo basi inakwera mapiri mokhosomola, ine ndikupempherera kabokosi pa bampu iliyonse.

Tinalowa mu Intercity, depoti ya mabasi ya ku Lusaka, kukuyamba kuda. Phazi lisanagunde pansi, anyamata oitanira mabasi anali atandizinga. "Ba sisi, Kitwe? Ba anti, Livingstone, yanyamuka manje manje." Munthu wakhala tsiku lonse m'basi, miyendo yatupa, ndipo iwo akuona kuti chimene ukusowa ndi basi ina. Wina wa wilibala anafuna kundinyamulira kabokosi. Ndinamuuza kuti n'kopepuka. Anati mtengo wake ukhalanso wopepuka.

Anandipulumutsa amalume, a Phiri, achimwene awo a mayi anga, atavala jekete ndi tayi ngati akulandira nduna. Anachoka ku Mchinji ali mnyamata, n'kukagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe, ndipo atapuma anakhazikika ku Kabwata, mu Lusaka momwemo. Ntchito yawo inali yogawa majombo ndi zisoti m'sitolo ya mgodi. Pansi sanatsikeko ndi tsiku limodzi lomwe, koma ukawamva akufotokoza, mkuwa wonse wa dziko la Zambia unadutsa m'manja mwawo.

"Takisi ya chani, Nabanda? Kabwata ni apa chabe," anatero. Apa chabe wa amalume anandidutsitsa m'misika yotseka, m'ngalande zouma ndi m'misewu iwiri ya magalimoto osadziwa mabuleki.

Kunyumba magetsi kunalibe. Azakhali, akazi awo, anandilandira ndi tiyi ndi chikanda, chakudya chooneka ngati nyama, chodulidwa ngati nyama, koma cha mizu ndi nsinjiro. Tisanathe kapu yoyamba amalume anali atayamba kundiyesa mayeso.

"Kopa yako ni giledi bwanji?"

Ndinafotokoza kuti si ya giledi, ndi tinthu tochepa tolowa pakati pa zinki.

"Nione. Ine kopa niiziba na chala. Nikangogwila so, nakuuza."

"Amalume, izi sizigwiridwa. Ngakhale kupumirapo sitipumirapo. Thukuta la chala limodzi lingaononge ntchito ya miyezi."

Anaseka, nauza azakhali kuti ana a masiku ano amaphunzira mpaka kuopa zala za makolo awo. Kabokosi ndinakaika pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo.

M'mawa azakhali ananditenthetsera madzi. Nditabwerako kosamba ndinapeza kabokosi kali pomwepo, koma mfundo ya chitenje inali ina, yolimba, yachimuna, yonga yomangira mbuzi.

"Amalume, mwagwira kabokosi kanga?"

"Ine? Nigwile vinthu va bana?" Anali kupukuta nsapato mwakhama lalikulu. Azakhali anayang'ana kudenga, n'kutuluka kukasesa pakhonde posesa kale.

Ndinasuzumira pachivindikiro. Timagalasi tonse tinali m'malo mwake, chifunga chili chomwecho. Kutsegula sindikanatha chifukwa cha fumbi. Ndinadziuza kuti mwina anangoona, ndipo ndinasankha kukhulupirira zimenezo chifukwa zinazo sindikanazikwanitsa ndisanadye.

Amalume analengeza kuti andiperekeza, ati Lusaka amameza alendo. Foni ya a Dokotala Mwila inali yozima chiyambire m'mawa, choncho tinatsata malo amene aphunzitsi anga anandiuza, pafupi ndi Cairo Road. Minibasi yopita m'tauni inatitengera makwacha khumi aliyense, chenji n'kukhala nkhani ya m'tsogolo. Nyumbayo tinaipeza, yosanja, chikepe chake chitamwalira kalekale. Tinakwera masitepe mpaka pakhomo loyenera, ndipo m'katimo tinapeza mitu ya zidole itavala mawigi. Mayi wina ankapesa imodzi.

"Ba miyala? Banachoka kudala," anatero osatembenuka. "Yendani ku Woodlands. Koma ba sisi, tsitsi yanu iyo tingaithandize."

Ndinathokoza chifukwa cha uphungu wonse uwiri.

Ku Woodlands ndi kwa mipanda. Nyumba suziona, umangoona makoma, pamwamba pake pali mawaya amagetsi amene tsiku limenelo anali ongoyanikapo zovala, ndi majenereta akulira kuseri ngati njuchi. Ofesi ya labotale inali m'nyumba ina yosandutsidwa, ya maluwa pakhomo. Mtsikana wolandira alendo anali ndi zikhadabo zazitali zimene ankayimbira nazo foni mwaluso losiririka.

"Ba Dokota sibabwela ngati kulibe malaiti. Mashini ili ku Kabulonga, beve bankhala ku Chelstone."

"Nanga magetsi ayaka nthawi yanji?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa tsiku la chimaliziro.

Ndinamuuza kuti ndachokera ku Lilongwe, kuti kusukulu andipatsa masiku ochepa, kuti mawa ndiyenera kubwerera. Anati pepani, ndipo zikhadabo zinabwerera pafoni. Apa amalume anakoka mpando, nakhala, n'kuyamba kumufotokozera mbiri ya migodi kuchokera nthawi ya azungu. Anafotokoza za majombo, masaizi ake, ndi mabwana amene anawadalira. Atafika pa chaka chimene zisoti zinasintha mtundu, mtsikanayo anang'amba kapepala, n'kutijambulira njira ya kunyumba kwa a Dokotala. Ndiyenera kunena chilungamo: pa ulendo wonsewu, apa amalume anagwira ntchito imene wina aliyense sakanaitha.

Kuchoka ku Woodlands kupita ku Chelstone umayenera kubwerera kaye m'tauni, chifukwa minibasi za ku Lusaka zimakhulupirira kuti munthu asapite kulikonse osakapereka moni pakati pa mzinda. Tinadikira kuti idzaze. Itadzaza tinadikira kuti idzazenso. "Ba mudala, fendelani," anatero kondakitala, nalowetsa munthu wachinayi pampando wa atatu. Pawindo ndinagula chinangwa chootcha ndi mtedza, chimene kumeneko amati tute na mbalala, ndipo chimenecho ndicho chinali nkhomaliro yathu. Msewu wake unali womwe uja ndinalowera dzulo lake. Ndikanadziwa ndikanangotsika pomwepo, n'kupulumutsa tsiku.

A Dokotala Mwila tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, atamanga chitenje pamwamba pa buluku, akuthira madzi m'zomwera za nkhuku zoyera zodzaza khola. Anali mayi wamfupi, wa imvi zochepa, wochokera ku Luapula.

"Muli shani? Ndimwe ba ticha ba ku Malawi?" Anapukuta manja. "Munzanga uja ananiuza ati muzabwela, koma siku sananiuze. Akali chimozimozi. Foni yafa, malaiti kulibe kuchoka mailo, dzulo kwanu uko. Musadabwe nkhuku. Mashini inipasa ulemu, nkhuku zinipasa chakudya."

Tinakhala pakhonde. Sanafunse za ulendo. Anafunsa kutentha kwa uvuni, madzi amene ndinagwiritsa ntchito, botolo ndinalitsuka ndi chiyani, mkuwa ndinauthira poyamba kapena pakati. Ndinayankha ndikutuluka thukuta ngati mwana wa Fomu 2. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchitoyi, munthu ankandifunsa mafunso oti yankho lake lingakhale lolakwa, ndipo ndinapeza kuti ndazisowa zimenezo.

Amalume anafunsa chifukwa chimene kampani yonse yalephera kugula jenereta.

"Jenereta iliko, ba Phiri. Koma ikaliza, pansi panjenjema, chithunzi chivina. Tizaona monga munthu wamwa."

Anatchaja foni m'galimoto, n'kuimbira mlonda wa ku Kabulonga, amene anati kumeneko magetsi amayembekezeka cha m'ma fifitini. Anthu a ku Zambia satchula 3 koloko masana, amawerenga nthawi ngati asilikali. Tinakwera galimoto yawo, yonunkha chakudya cha nkhuku, amalume kumbuyo pakati pa matumba. M'njira anandifunsa chifukwa chimene ndinasankhira mkuwa, pamene ambiri amathira aluminiyamu, wosavuta kulowa. Ndinawauza za mpweya wa makala, ndi za mayi Gondwe. Iwo anati kwawo anaika m'manda banja lonse tsiku limodzi, chifukwa chomwecho.

Ku Kabulonga mipanda ndi yaitali kuposa ya ku Woodlands, ndipo agalu ake ndi onenepa kuposa ana a m'kalasi mwanga. Makinawo anali m'chipinda chozizira kuseri kwa nyumba ina yaikulu. Tinapeza mababu akuyaka. A Dokotala anatiuza tivule nsapato, navala magolovesi, n'kupatsa ine ena. Amalume anawalozera mpando wapakona, koma iwo anaukokera pafupi, ati maso a munthu wa m'migodi angafunike.

Makinawo sagwiritsa ntchito kuwala. Amapopa mpweya wonse m'kabokosi kachitsulo, n'kuwomba chinthucho ndi kamtsinje ka magetsi, chithunzi n'kutuluka pakompyuta. Amathanso kunena kuti pamalo akuti pali zitsulo zanji. A Dokotala anatola timagalasi ndi kapani, kamodzikamodzi, n'kutseka chitseko. Pampu inalira. Tinadikira.

Anayamba ndi kopanda mkuwa. Poyamba panali imvi zokhazokha. Anapotoza kachitsulo, imvizo zinasanduka timadontho, anapotozanso, ndipo ndinaona munda. Timawaya tinali titaima mothithikana, towongoka, kalikonse ndi nsonga ya mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo yosasongola. Ndinali nditatimeretsa m'botolo, mu uvuni wokhala ndi chitseko chomanga ndi waya, masiku a Loweruka pamene anzanga ali ku maukwati, ndipo nthawi yonseyo sindinkadziwa ngati tilipo. Ndinafuna kunena kanthu kanzeru. Ndinangoti, "Ndi tanga timeneto?"

"Ni twanu. Twabwino maningi."

Ka mkuwa wochepa kanalinso ndi timawaya tabwino, koma mkuwawo makina anakana kulumbira kuti auona. A Dokotala anati mwina ulipo koma ndi wochepa kuposa maso a makina, mwinanso unatsala m'madzi. Ka mkuwa wambiri kanali chisokonezo: m'malo mwa timawaya panali zibuma zonga zigumu zophwanyika, mkuwa utaunjikana pawokha m'mbali. Ndinauitana kuti ulowe m'nyumba, iwo unamanga yake pabwalo.

"Manje iyi yamene muikonda," anatero, nasunthira ku ka wapakatikati.

Pakompyuta panabwera mizere yokhotakhota, yotakata, yoyenda pamodzi ngati mizere ya m'munda wa pa phiri. Atakulitsa, ndinaona timawaya tonse titagona, tothyokathyoka, topakidwa phala, ngati chimanga chimene mwadutsa ng'ombe. A Dokotala anachepetsanso chithunzi mpaka kagalasi konse kanaoneka. Panalibe chofunsa. Chinali chidindo cha chala chachikulu, chokongola, chokwanira bwino kutsegulira nacho akaunti ku banki.



A Dokotala analozetsa makina pamzere umodzi, n'kuwerenga zimene anapeza. "Zinki iliko. Sodiyamu, iyo ingachoke mu galasi, tisainamizile munthu. Koma kilorini na potaziyamu, ivi ni va thukuta. Na mafuta pamwamba." Anatembenuka n'kuyang'ana magolovesi anga. "Ba ticha, munagwilapo na kwanja?"

"Ayi."

Sindinatembenukire kwa amalume. Sindinafunikire kutero. Mpando unalira.

"Mwina ni ba pa boda," anatero amalume. "Baja bagwilagwila vilivonse."

"Pachipata kabokosi sikanatsegulidwe, amalume."

"Olo ku fakitale ya magalasi."

"Chala chapita pamwamba pa mawaya, ba Phiri," anatero a Dokotala mofatsa. "Mawaya yanamela kudala, chala chabwela pambuyo. Ni chala chikulu, cha mwamuna. Ngati mufuna, tingayese kuona mwine wake."

Amalume anaika manja onse awiri m'matumba a jekete, nati iwo sanabwere kudzakangana ndi makina.

Ndikanatha kukalipa. Mawu ndinali nawo, okonzeka, ena a iwo osayenera mwana wa mlongo wawo. Koma ndinkangoona miyezi ya Loweruka itagona pansi pa chala chimodzi. Ndinafunsa a Dokotala ngati pali chotsala.

"Tiyeni tisakile. Chala ni cholaundi, galasi ni ya makona."

Anayendetsa chithunzi pang'onopang'ono kutsata m'mphepete. Ngodya yoyamba inali yophwanyika, yachiwiri inali pamene panagwira kapani. Pangodya yachitatu panali kamunda kotsala, timawaya tili chiimire, tonenepa pang'ono kuposa toyamba tija. Analozetsa makina pamenepo. Pakompyuta panakwera kaphiri ka zinki, ndipo pambali pake kaphiri kakang'ono.

"Iyo kopa yanu. Siinaunjikane, ili monse monse."

Anajambula, nasunga. Anati tiyeze malo ena awiri kuti titsimikize. Ali mkati mosuntha, mababu anaphethira, pampu inatsika mawu, ndipo kompyuta inayamba kulira kuti yatsala ndi mphindi zochepa. A Dokotala anazimitsa makina mwadongosolo, osatukwana, zimene zinandionetsa kuti ndi munthu wophunzira kwambiri kuposa ine.

Panja, tikuvala nsapato, anandiuza zoona zake. Muyezo umodzi, wa pangodya ya kagalasi kogwiridwa, si umboni woti ndingaimirire nawo pamaso pa ondiyesa. Komanso makina awo amangonena kuti mkuwa ulipo. Sanena ngati walowa m'kati n'kukhala pamalo pa zinki, kumene ndiko kudopa kwenikweni, kapena wangomatirira kunja ngati utoto. Zimenezo zimafuna makina ena, ndipo ali ndi mnzawo amene angathandize. Ndikamere tina ta muyezo womwewo, tambiri, ndimate kabokosi ndi tepi mbali zonse, nditumize pa basi. Adzayeza okha, osalipiritsa.

"Koma mutume kuli ine," anatero. "Osati ku Kabwata."

Anatisiya pa siteji ya minibasi. Kuchoka pamenepo mpaka kunyumba amalume sanalankhule, chinthu chimene azakhali anati sichinachitikepo chikwatiraneni. Atafunsidwa kuti zayenda bwanji, anangoti makina aja ndi amwano, n'kukagona osamwa tiyi. Azakhali anandigwira dzanja kukhitchini. "Ninabauza, mwana wanga. Banati bangoona chabe giledi."

M'mawa anandiperekezanso ku Intercity, tayi ili m'khosi. Ananyamula chikwama changa, koma kabokosi ankakazungulira patali ngati kali ndi njoka. Nditapeza mpando anaima pawindo, akuyang'ana matayala a basi.

"Nabanda. Vija vinthu, kumela kwake ni masiku yangati?"

"Zikayenda bwino, mwezi. Magetsi akavuta, iwiri."

"Sukulu izakuyembekeza?"

"Sindikudziwa, amalume. Ndikapempha."

Anagwedeza mutu. Anatulutsa dzanja m'thumba, naliyang'ana, nalibwezeramo.

"Kopa sininaimve olo pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Panali chabe galasi."

Kupepesa kwa amalume kunathera pamenepo, ndipo kwa munthu amene ndikumudziwa ine, kunali kwakutali. Ndinawauza kuti apereke moni kwa azakhali. Basi itayamba kubwerera m'mbuyo ndinawamva akuuza wa wilibala kuti uyo ni mwana wa mlongo wawo, wasayansi, ndipo iwo akhala akumuthandiza pa kafukufuku.

M'njira ndinaganiza zambiri. M'mabuku amalemba za litsiro lochokera m'madzi, m'botolo, mu mpweya, ndi njira zolitchingira. Za achibale salemba. Komabe ndinabwerera ndikudziwa zinthu zimene popita sindinkazidziwa: timawaya tilipo, mkuwa wochuluka umaononga, ndipo muyezo wapakati uja ukuoneka kuti ndi njira. Belu likadali kutali, koma tsopano ndikudziwa botolo loyambira.

Titadutsa Chongwe ndinatumiza zithunzi zonse pafoni kwa aphunzitsi anga. Anayankha tisanafike pa Luangwa. Anati zili bwino, apempha kuti andiwonjezere nthawi, ndiyambe kumeretsa tina Loweruka lomweli. Kenako unabwera uthenga wachiwiri. Chithunzi cha mizere yokhotakhota chija chinawasangalatsa kwambiri, sanaonepo timawaya titayalana mwa dongosolo lotere, ndipo amafuna kudziwa njira imene ndinagwiritsa ntchito, mwina tingalembepo pepala.

Ndinawayankha kuti njirayo ilipo, imakhala ku Kabwata, koma siibwerezeka chifukwa mwini wake wapuma pa ntchito.